Anaseka Elube Chifukwa cha Ine

Tawonga ndi Lusungu, ana anga, za ubwana wanga ku Rumphi ndinakuuzani kale pakamwa, ndipo kulibe chachilendo kumeneko. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito yanga ya zokuzira mawu, makamaka mmene ndinaisiyira. Inu mumadziwa kuti ndinapuma chifukwa cha makutu. Zimenezo n'zoona, koma si zonse. Pali munthu wina amene anavutika chifukwa cha makutu anga omwewa, ndipo ndi bwino nkhaniyi muimve kwa ine dzanja likadagwira cholembera.

Chaka chimene Tawonga anabadwa

Ndinayamba ntchito pa kabenchi kokonzerapo mawailesi pa msika wa Kawale. Ine ndi amayi anu, NyaMhango, tinkakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya amalume ku Area 25, ndipo iwe Tawonga unali ndi miyezi iwiri. Tsiku lina kunabwera bambo wina wamfupi, wa dazi, atanyamula amplifaya pa njinga, ataikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala. Anati iwo ndi a Mbewe, kwawo ku Dedza, ankaphunzitsa sukulu koma anasiya choko n'kuyambitsa gulu la zisudzo. Nditatsegula amplifayayo ndinapeza mphemvu zamangamo mudzi, ndipo fyuzi yopsa wina anali ataikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Ndinaikonza iwo ali chiimire pomwepo. Italira, a Mbewe anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, Loweruka likubwerali muli ndi chochita?" Ndinati ndilibe. Ndinapita kukawathandiza Loweruka limodzi lokhalo, ndipo ndinakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Katundu wathu yense ankakwana pa mawilibala awiri: amplifaya ija, masipika awiri akuluakulu, mamaiki atatu ndi kamikisa kakale. Mikisa ndi bokosi la timabatani timene munthu amakwezera kapena kutsitsira maiki iliyonse payokha, n'kusankhanso kuti besi ichuluke kapena mawu opyapyala aja ndi amene achuluke. Mawaya sankakwana. Waya ukaduka ndinkaulumikiza, ukadukanso ndinkadula pomwe pavuta n'kulumikizanso, mpaka waya wina unafupika moti wosewera akayenda masitepe atatu unkamukoka. Magetsi akathima tinkabwereka jenereta kwa wowotcherera wina, ndipo jeneretayo inkafuna kuiika kutali kwambiri chifukwa inkalira kuposa ife tonse. Tinkasewera masana, Loweruka ndi Lamlungu anthu akaweruka ku tchalitchi, m'maholo a masukulu ndi a mipingo, ndipo komwe kulibe holo tinkasewera pa bwalo.

A Mbewe anali bwana wolusa koma wosasunga chakukhosi. Akakukalipira m'mawa, masana ankakugulira chimanga chootcha. Tsiku langa loyamba anandipeza nditaweramira pa mikisa, n'kundikoka malaya. "A Nyirenda, makinawo sadziwa kanthu. Asiyeni, pitani mukakhale pa benchi yomalizira kumbuyo uko. Mukamva bwino muli kumeneko ndiye kuti mwagwira ntchito." Ndinkachitadi zimenezo sewero lililonse lisanayambe, ndipo patapita zaka zingapo ndinkangolowa m'holo, kuomba m'manja kamodzi, n'kudziwiratu kuti masipika ayang'ane kuti.

Anthu oonera nawo ali ndi makhalidwe awo. A ku Kawale sakusungira: mawu akangotsika pang'ono wina amakuwa kuti, "Volumu, mdala!" holo yonse n'kuphulika kuseka. Ku Biwi ambiri anali amakanika, ankabwera ndi maovolosi a mafuta, ndipo sewero likatha ankadzasuzumira mikisa n'kundiuza chimene chavuta ngakhale pamene panalibe chovuta. Ku Area 23 kunkadzadza amayi ndi makanda, moti ndinkayenera kukweza mawu kuti apose kulira kwa ana. Ku Mgona tinkasewera panja, mphepo n'kumalowa m'maiki, fumbi n'kumalowa mu mikisa. Ku Chinsapo holo inali ya malata opanda siling'i, ndipo mvula ikabwera sewero linkaima, ife ndi oonera n'kumangoyang'anana mpaka ikate. Kulikonseko malo anga anali amodzimodzi, pambali penipeni pa sipika ya kumanzere, chifukwa mawaya anali afupi. Palibe amene anandiuza kuti khutu limatha ngati nsapato.

Chaka chimene Tawonga analowa Fomu 3

A Mbewe ankalakalaka kuyambira kale atapanga sewero limene anthu ake salankhula kwambiri koma amaimba nkhani yonse. Chaka chimenecho analilemba. Linali la mayi wogulitsa tomato pa msika, amene mwana wake wamwamuna anapita ku Joni. Poyamba mwanayo amaimba foni sabata iliyonse, kenako mwezi uliwonse, kenako foni imangosiya kulira. Panali kwaya yaing'ono, ng'oma ziwiri, gitala ndi kiyibodi. Chovuta chinali kupeza woimba mbali ya mayiyo. Anayesa amayi atatu, onsewo a Mbewe n'kuwakana. Wachinayi anali Elube Banda, telala wa ku Biwi, mayi wa ana awiri, amene mnzathu woimba ng'oma anamumva m'kwaya ya mpingo wake. Anabwera tepi yoyezera ili m'khosi, wamanyazi, osayang'ana munthu kumaso. Nditamupatsa maiki anaigwira ndi manja awiri ngati kapu ya tiyi wotentha.

"Abambo, ndiziimba bwanji? Chimenechi sindinagwirepo."

"Imbani ngati muli pa makina anu osokera, mayi. Zinazo ndi ntchito yanga."

Mawu ake anali opyapyala, okwera, koma osabaya m'khutu. Nyimbo yaikulu inali chakumapeto, pamene mayiyo amachapa shati imene mwana wake anaisiya, n'kumamuitana dzina. Pamenepo mawu a Elube ankakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pamwamba penipeni, n'kukhala pomwepo osagwedezeka. Tsiku limene anaiimba koyamba poyeserera, a Mbewe anatuluka panja. Tinkaganiza kuti akwiya. Anabwera maso ali ofiira n'kunena kuti, "Basi, tamupeza."

Tinayambira ku Chinsapo. M'holo munali phokoso monga mwa nthawi zonse, ogulitsa mafiliziyasi akulowa ndi kutuluka, ana akukanganira malo pa mawindo. Koma itafika nyimbo ya shati ija, holo inati zii, moti ndinkamva madzi akudontha kuchoka pa shati kugwera m'beseni. Amayi anali atafunda zitenje kumaso. Mnyamata wosewera mbali ya mwana uja atatulukira, atavala jekete lake la ku Joni, bambo wina anaimirira pakati pa holo n'kukuwa kuti, "Iwe, imbira mayi ako foni!" ndipo anamugenda ndi chitsononkho. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Ku Area 23 sewero litatha kunabwera mayi wina wachikulire ndi chithunzi cha mwana wake, n'kumuonetsa Elube. Anangokhala pansi onse awiri pa masitepe a siteji, atagwirana manja, mpaka ife tinamaliza kupinda mawaya.

Tinazungulira madera onse aja kawiri. Mu minibasi anthu ankamuloza Elube n'kumati, "Mayi wa tomato uja ndi uyu." Za ine ankati sewero la a Mbewe limamveka ngati pa wailesi, mawu aliwonse amafika. Ndinkamva kukoma, ana anga. Chinali chaka chabwino kuposa zonse pa ntchito yanga.

Chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala

Khutu lamanzere linayamba kulira ngati nyenje. Popeza inali nyengo yotentha, poyamba ndinkaganiza kuti ndi nyenje zenizeni za mu mtengo wa mango wa kwa aneba. Amayi anu ndi amene anayamba kuona kuti china chalakwika. Foni inkalira m'thumba la jekete langa lomwe, ine osaimva. Iwe Lusungu unkandiitana uli pakhomo, ine n'kumangoyenda. Amayi anu akanena, ndinkawayankha kuti ndinali ndi maganizo. Ku ntchito ndinayamba kumva ngati mawu a Elube akuchokera kuseri kwa chitseko. Ng'oma ndinkazimva bwino, besi ndinkaimva, amuna a m'kwaya ndinkawamva, koma iye yekha ankamveka ngati wazilala. Ndiye sabata iliyonse ndinkapotokola pang'ono kabatani ka mawu opyapyala pa maiki yake, mpaka m'makutu mwanga amvekenso ngati kale. Kupita ku benchi yakumbuyo ndinali nditasiya, chifukwa ndikakhala kumeneko ndinkamva zinthu zimene sindinkafuna kuzivomera.

Tsiku limene zinaphulika linali Lamlungu, ku Kawale, holo itadzadza mpaka ena anaima m'makoma. Elube anagwada pa beseni n'kuyamba nyimbo ya shati. Choyamba ndinaona kamtsikana pa benchi yakutsogolo kakutseka makutu ndi zala. Kenako amayi awiri anakwinya nkhope n'kutembenukira kumbali. Kenako anthu anayamba kuseka. Wina chakumbuyo anakuwa, ndipo mawu akewo ndinawamva bwinobwino chifukwa anali a besi: "Mayi, mwameza wenzulo?" Holo yonse inagwa nacho chiseko. Ndinaona anyamata ataika zala pakamwa, akuimba malikhweru. Elube anaima pakati pa nyimbo n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana pa mikisa, timagetsi tonse tinali bwinobwino. Kwa ine nyimbo inkamveka monga mwa masiku onse. Ndinamukodola kuti apitirize. Anapitiriza, anthu akuseka, mpaka anamaliza, n'kuthawira kuseri kwa katani.

Woimba ng'oma uja ndi amene anandiuza pambuyo pake kuti masipika ankalira likhweru lobaya nthawi iliyonse imene Elube wakwera, ndiponso kuti mawu ake ankatuluka ngati munthu akupala poto ndi mpeni. Likhweru limenelo limabwera maiki ikakwezedwa mopitirira. Aliyense wa ntchito yathuyi amalizimitsa lisanathe ndi mphindi yomwe. Ine sindinalimve.

A Mbewe anatiitanira kuseri kwa holo. "A Nyirenda, chavuta n'chiyani?"

Ndinali nditadziwa. Sindinganame kuti sindinadziwe. Elube anaima pafupi, shati yonyowa ija idakali m'manja. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Makina ali bwino, bwana. Mwina mayiwa akuyandikitsa maiki pakamwa. Kapenanso mawu awo atopa."

Elube anati, "Pepani, abambo. Ndiyesetsa."

Loweruka lotsatira tinali ku Biwi, kwawo kwa Elube. M'holo munali makasitomala ake, amayi a mpingo wake ndi ana ake awiri. Ine ndinali nditaganiza zoti ndingotsitsa kabatani kaja mwakachetechete nkhani ithere pomwepo. Koma ndinali ngati munthu woyendetsa galimoto atatseka maso. Nditatsitsa, anthu anayamba kukuwa kuti, "Sitikumva!" Nditakweza, ndinaona manja akupita m'makutu. Ndinatsitsanso, ndinakwezanso. Elube ankasuntha maiki, kuitalikitsa, kuiyandikitsa, akuyesa kukonza cholakwa chimene sichinali chake. Nyimbo isanathe anthu anayamba kutuluka m'magulumagulu. Amakanika aja, amene ankakonda kudzandiuza chimene chavuta, tsiku limenelo anangondidutsa. Mmodzi anati, "Mayiyu watha basi, mdala. Musavutike ndi makinawo."

Lolemba ndinanamiza amayi anu kuti ndikukagula mawaya, ndipo ndinapita ku chipatala china cha mishoni. Anandiveka zomvera m'makutu n'kundiuza kuti ndikamva kulira ndizikweza dzanja. Ndinakweza kangapo, kenako ndinangokhala, ndikudikira. Mayi woyezayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, ndakhala ndikuliza nthawi yonseyi." Anandifunsa ntchito yanga. Nditamuuza anapumira m'mwamba. Anati khutu lamanzere mawu opyapyala silidzawamvanso, lamanja nalo layamba kutsatira, ndipo palibe mankhwala obwezera zimene zapita. Anandilembera pepala. Ndinalipinda kanayi n'kulibisa pansi penipeni pa bokosi langa la zida.

Sabata yomweyo a Mbewe anaitanitsa gulu lonse n'kulengeza kuti Elube apume, abwerere kumbuyo m'kwaya komwe kulibe maiki. Mbali yake anapatsa mayi wina wa m'kwaya momwemo, wa mawu okhuthala, ndipo nyimbo zonse anazitsitsa kuti zimuyanje. Mawu okhuthalawo ine ndinkawamva bwino, choncho Lamlungu lotsatira ku Area 23 zonse zinamveka bwinobwino, popanda likhweru. A Mbewe anabwera pa mikisa n'kundigwira paphewa. "Mwaona, a Nyirenda? Si makina." Ine ndinagwedeza mutu.

Ndinali ndi zaka zopitirira makumi asanu. Iwe Tawonga unali kukonzekera mayeso a Fomu 4. Ndinkadzifunsa kuti ndani angalembe ntchito munthu wa zokuzira mawu amene samva. Sindikulemba zimenezi kuti muone ngati ndinachita chifukwa cha inu. Ndinkanena choncho mumtima, koma choona chake n'chakuti ndinkaopa kusekedwa ine mwini. Elube anaimba kumbuyo milungu iwiri, akungoyendetsa milomo, kenako anasiya kubwera.

Patapita miyezi isanu ndi itatu

Amayi anu ankamukonda Elube, ndipo yunifolomu ya Lusungu itang'ambika anaitengera kwa iye ku Biwi. Anabwerako chakumasana. Inu munali kusukulu. Anakhala pa mpando wa kudzanja langa lamanja, n'kulankhula akundiyang'ana pakamwa, monga mmene anali atazolowerera osandiuza chifukwa chake.

"Bambo a Tawonga, Elube anasiya kuimba."

"Ndikudziwa kuti anachoka ku gulu."

"Sindikunena za gulu. Ngakhale ku tchalitchi anasiya. Akuti mawu ake anawonongeka, safuna kuvutitsa anthu. Wakhala akumwa uchi ndi mandimu miyezi yonseyi. Kuchipatala wapita kawiri kuti amuone pakhosi, akumuuza kuti palibe chimene akupeza, iye akuti ndiye kuti wina anamulodza."

Amayi anu anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa pepala lija, lopindidwa kanayi, n'kuliika patebulo.

"Ndinalipeza kalekale, tsiku limene ndinkafuna pulayazi. Ndimadikira kuti munene nokha."

"Nanga ndikanena, tidya chiyani?"

"Tidya zomwe tidye. Mwana wa eni akusenza matenda amene si ake, inu muli phee. Lamlungu kuli Mgonero. Ine sindikhala nanu benchi imodzi mutanyamula zimenezi."

Amayi anu sanali munthu wokweza mawu, ndipo tsiku limenelonso sanakweze kupitirira mmene khutu langa linkafunira. Lamlungu ine sindinapite ku tchalitchi. Ndinakhala pakhonde ndi bokosi langa la zida, ndikupukuta zinthu zimene zinali zopukuta kale. Ndinaganiza njira zambiri zothawira: kuwauza a Mbewe okha mwamseri, kupempha kupuma popanda kunena chifukwa, kumutumizira Elube uthenga kudzera mwa amayi anu. Njira zonsezo zinali zoti ine ndituluke bwino. Koma Elube anamuchotsa pamaso pa gulu lonse, ndipo ndinaona kuti nanenso ndiyenera kunena pamaso pa gulu lonse.

Lachitatu tinali ndi zoyeserera m'kalasi ina ku Area 23. Asanayambe ndinaimirira n'kupempha kulankhula. Ndinawerenga pepala lija mokweza, kenako ndinafotokoza za kabatani kaja, za ku Kawale, za ku Biwi, ndi zimene ndinayankha kuseri kwa holo. A Mbewe anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Munandisiya ndichotse mayi uja pamaso pa anthu onsewa."

"Eya, bwana."

"Ndipo nditati si makina, munagwedeza mutu."

"Eya."

Ndinkayembekezera kuti akalipa monga mwa chizolowezi chawo, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Koma analankhula motsitsa, moti ndinachita kuwayang'ana milomo. "A Nyirenda, mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanaika munthu pa benchi yakumbuyo kuti azikulozerani ndi dzanja, kwezani, tsitsani. Zinali zophweka choncho." Pamenepo ndinakhala pa desiki ya mwana wa sukulu. Miyezi yonse ija ndinali ndisanaganizepo zimenezo.

Anandiuza kuti ndikhoza kutsala, ndizikonza mawaya ndi kunyamula katundu, wina azikhala pa mikisa. Ndinathokoza koma ndinakana. Ndinaona mmene amayi a m'kwaya ankandiyang'anira, ndipo ndinadziwa kuti ngati Elube angabwerere, sangaime pa siteji ine ndili pambali. Ndinapereka kiyi wa bokosi la mikisa. A Mbewe anaulandira n'kunena kuti, "Koma kwa Elube mupita nokha. Ine ndipita pambuyo panu."

Ndinapita m'mawa mwake. Elube ankasokera pakhonde pa sitolo ina, moyang'anana ndi magalaja, pomwe nyundo zimalira tsiku lonse. Atandiona anaimirira n'kundipatsa mpando wa makasitomala, n'kufunsa za NyaMhango ndi ana. Ulemu umenewo unandipweteka. Ndinamuuza zonse, osasiyako. Poyamba ankapalasabe makina ake pang'onopang'ono, kenako phazi linaima.

"Ndiye kuti mawu anga alibe vuto?"

"Alibe, mayi. Sanakhalepo ndi vuto."

"Ndipo inu munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

Anayang'ana nsalu imene inali pa makina, n'kuisalaza ndi chikhatho. "Ana anga anali m'holo muja, a Nyirenda. Kusukulu anzawo amawatcha ana a wenzulo. Ndikamadutsa apa anyamata a m'magalajawa amaimba likhweru. Ndinakupepesani inu. Mukukumbuka? Ndinati pepani, abambo."

"Ndikukumbuka. Ndikhululukireni, mayi."

"Ndamva," anatero. "Mwanena, ndamva. Zinazo musandifulumizitse." Anabwezera phazi pa makina n'kuyamba kusoka. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinanyamuka. Sanadzutse mutu.

A Mbewe anapitako kawiri kukamupempha kuti abwerere, kawiri konse anakana. Anachitanso china chimene sindinawapemphe: ku Kawale ndi ku Biwi, sewero lisanayambe, anaimirira pa siteji n'kuuza anthu kuti tsiku lija cholakwa chinali cha zokuzira mawu, osati cha woimba. Ndinamva kuti ena anaomba m'manja, ena anafunsana kuti tsiku lake liti. Anthu anali ataiwala chimene anaseka. Seweroli linayendabe miyezi ingapo. Mayi watsopano uja ankaimba bwino, ndipo oonera ankaomba m'manja moyenera, koma palibe anagendanso munthu ndi chitsononkho, ndipo pambuyo pake a Mbewe analisiya. Ine ndinakhoma thebulo pakhonde pathu n'kuyamba kukonza masimbi ositira ndi maketulo, zinthu zimene munthu amakonza ndi maso. Amayi anu anayamba kuphika mandasi. Tinadya zomwe tinadya, monga ananenera.

Chaka chimene amayi anu anatisiya

Panadutsa zaka zisanu ndi chimodzi ine ndi Elube osaonana. Ndinkadziwa kuti amayi anu ankapitabe ku Biwi kukasoketsa, nthawi zina ngakhale popanda chosoketsa, koma zimene ankakambirana sankandiuza, ndipo ine sindinkafunsa. Ngati Elube anayambiranso kuimba, sindinamve kwa aliyense.

Tsiku la mwambo wa maliro munalipo, koma munali mbali ya amayi, ndiye ndilembe mmene ndinaonera ine. Anali masana, pakhomo pathu ku Area 25, tisananyamuke ulendo wa ku Rumphi. Ndinakhala pansi pa tenti ndi akuluakulu a mpingo, ndipo a Mbewe, atakalamba, atagwira ndodo, anakhala pambali panga. Pofika nthawi imeneyo khutu lamanja nalo linali litatsala pang'ono. Abusa atamaliza, anthu anafola kukaona nkhope. Pa mzerewo ndinaona mayi wina wa duku lakuda, ndipo ndinamuzindikira ndi kayendedwe. Atafika pa bokosi sanadutse ngati anzake. Anaima, n'kuika dzanja pa bokosilo, n'kutsegula pakamwa.

Ndinaona milomo yake ikuyenda. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwake ikutukuka, chibwano chikukwera pang'onopang'ono. Mzere unaima. Amayi amene ankalira mokweza ndinawaona atasiya, atangoti maso pa iye. Mkulu wa mpingo amene anakhala kutsogolo kwanga, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akugwetsa msozi, anaphimba nkhope ndi chipewa. Kenako amuna a m'tenti anayamba kuvomera, ndipo iwowo ndinawamva, kung'ung'udza kwa pansipansi kokhala ngati galimoto ikudutsa kutali. Koma pamwamba pa kung'ung'udzako, pomwe panayenera kukhala Elube, panalibe kanthu.

Ndinawagwira mkono a Mbewe. "Akuimba bwanji?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Simukumva?"

"Ayi."

Anangondifinya dzanja. Elube atamaliza anapita mbali ya amayi, anakukumbatirani nonse awiri, n'kukhala nanu kanthawi. Pochoka anadutsa kutsogolo kwa tenti yathu. Anaima pang'ono, anapinda bondo monga amachitira munthu kwa anamfedwa onse, ndipo anapita. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kukhululuka, kapena anangobwera chifukwa cha amayi anu. Sindinapite kukafunsa, popeza anandiuza kuti ndisamufulumizitse.

Lusungu, titabwerako ku Rumphi unandifunsa kuti mayi anaimba uja ndi ndani, ine ndinangoti ndi mnzawo wa amayi ako. Tsopano wadziwa. Iwe unamumva, unali pafupi naye. Ukabwera pa Khirisimasi udzakhale kudzanja langa lamanja, udzalankhule pang'onopang'ono, undiuze bwinobwino mmene anaimbira.